Bataliyoni ya pa Chigwembe

Lolemba
Alamu anga, a Sajeni, afika kuno ku Chilobwe. Angopuma kumene usilikali. Ndikuwamvetsera kukamwa kuli yasa. Ati asilikali sayenda mwachipwirikiti ngati ife pamaliro, gulu lililonse lili ndi dzina. Anthu ngati khumi ndi sekishoni. Masekishoni atatu, pulatuni. Mapulatuni atatu, kampani, osati yopanga sopo ayi. Makampani angapo, bataliyoni. Ngakhale sitima zankhondo: zochepa ndi fulotila, zambirimbiri ndi filiti. Kani dziko lili ndi dongosolo chonchi?

Lachiwiri
Chigwembe chakuseri kwathu chatsala pang'ono kumeza chimbudzi, mvula nayo ili pafupi. Ndaganiza: tichikwirire mwachisilikali. Ndazungulira makomo onse, aliyense akuti abwera. Ndikawerenga ndi ana omwe, ndi bataliyoni. Mawilibala alonjezedwa asanu. Filiti yanga!

Lachitatu
Afika anthu okwana pulatuni, makasu atatu. A Sajeni angoti "Foloni!" kuti tiime pamzere, mawu ngati bingu, agalu mpaka ku Manje ayankha. A Mbewe, oyandikana nafe, akuti: "Ya ulere? Thangata inatha ndi referendamu, achimwene." Achoka ndi theka la gulu.

Lachinayi
Tatsala sekishoni. Kwabwera wilibala imodzi, yopanda tayala. A Sajeni ati sitima imodzi si fulotila, ndi sitima basi. Sakuseka, sakukwiya. Anthu amenewa anawaumba ndi chiyani?

Lachisanu
Sekishoni yapita kumsonkhano wachipani, ati kukugawidwa nsalu. Mayi a kunyumba nawonso. Atenga khasu langa n'kukalibweza kwa eni ake.

Loweruka
Ine ndi a Sajeni basi. Iwo akulamula, ine ndikusenza miyala. Ndafunsa kuti gulu la anthu awiri limatchedwa chiyani. Ati: "Ine ndi inu, alamu." Msana ukuwotcha. Kumwamba kwada bii.

Lamulungu
Yagwa. Miyala yanga yonse yatsetsereka, chimbudzi chapendekeka ngati woledzera. Ndawaperekeza a Sajeni ku siteji ya minibasi, nsapato zawo zikuwalabe m'matope onsewa. Ati ndisadandaule, mdani akachuluka mphamvu asilikali amabwerera m'mbuyo mwadongosolo, amati ritiriti. Ngakhale kugonja kuli ndi dzina lake lolemekezeka.

Mawa ndikumba chimbudzi china kumtunda. Lero ndikagogoda kwa a Mbewe kukapempha chimbudzi chawo, ndi ulemu wonse.