Ma Jemusi Banda a pa Purazi Pathu

Lolemba

Kwatsala sabata imodzi ndikwere sitima ya ku Nyasalande. Zaka zitatu osaona amake Esinati! Sutikesi ndalongedza kale: nsalu ziwiri, bulangete, tinsapato ta Esinati.

Chondivuta ndi chimodzi. Pa purazi ya fodya pano pali a Jemusi Banda atatu, ndipo m'bokosi la makadi mu dispensale yanga muli makadi atatu a dzina lomwelo. Mmodzi mwa iwo ndinamubaya penisilini mwezi watha. Nkhope kutupa, mpweya kubanika, maso kutembenuka. Ndinaona maliro ndi maso angawa, koma Mulungu anakana. Akadzabayidwanso sadzadzuka. Ine ndimamudziwa nkhope. Wodzandigwirira ntchito ndikachoka, wochokera ku Banket, adzangodziwa makadi.

Zochita sabata ino:
kulemba dzina lenileni la Jemusi aliyense,
mudzi wake ndi mfumu yake,
mtanda wofiira pa khadi la wotupa uja.
Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi. Ndine munthu wophunzira ine.

Lachiwiri

Ndikupita ku chigafa komwe akusankha fodya, pensulo m'khutu. Jemusi woyamba akuti dzina lake ndi Jemusi basi, enawo ndi akuba. Wachiwiri akunong'ona kuti chitupa cha dzinalo n'cha mkulu wake amene anabwerera kumudzi, ndipo ndikalemba dzina lake lenileni ndiye kuti ndamupereka kupolisi ndi manja anga. Wachitatu, wotupa uja, atangoona pensulo, liwiro! Ndikumupeza kuseri kwa balani. Akuti anathawa kontirakiti ku Karoi, dzina la kwawo analisiya pa mlatho wa m'malire ndipo salifunanso.

Mayina enieni amene ndalemba lero: palibe. Koma sindigonja.

Lachitatu

Nzeru zatsopano. Pa makadi ndalemba Jemusi Wamtali, Jemusi Wapakati, Jemusi Wamfupi. Wotupayo ndiye Wamtali, mtanda wofiira ndajambula waukulu bwino. Zatha!

Sizinathe. Wamfupi wabwera ndi mkazi wake kudzafunsa amene wandipatsa ufulu womunyoza pa pepala la boma. Ndawauza kuti pepalalo si la boma, ndi la dona, mkazi wa bwana. Mkaziyo akuti ndiye zanyanya.

Masana lole yatsitsa antchito atsopano asanu ndi mmodzi ochokera ku Raffingora. Kapitawo akuwerenga zitupa. Jemusi Banda! Wachinayi, ndipo ndi wamtali kuposa Wamtali. Kodi chitupa chimenechi chimaswana?

Lachinayi

Pepala lalephera, tiyeni tilembe pa munthu. Ndatenga ulusi wofiira, ndaupota katatu, ndamanga pa dzanja la Jemusi wanga. Ndamufotokozera pang'onopang'ono kuti aliyense woona ulusiwu asamubaye jekeseni. Wavomera, wathokoza, wawomba m'manja.

Pofika dzuwa lopendeka komboni yonse yamva kuti adokotala akumanga ulusi woteteza ku imfa. Pakhomo pa dispensale pali mzere. Ndakana, ndalongosola, ndakalipa mpaka mawu kusasa. Apita ku sitolo ya Che Saidi, agula ulusi wonse wofiira, amangana okhaokha. Ndawerenga:
amayi ambirimbiri,
makanda onse,
kapitawo,
a Jemusi Banda atatu.
Amene alibe ulusi ndi wanga yekha. Mkulu wa mpingo waudula ndi mpeni, akuti Mkhristu savala zithumwa.

Lachisanu

Ndamuitana Jemusi wanga, ndamukhazika pa benchi. Ngati khadi silingamuteteze, amuteteze pakamwa pake. Anene yekha kwa wa ku Banket kuti jekeseni ayi. Tabwereza kasanu. Kachisanu ndi chimodzi wandiyang'ana mwachisoni, ngati wodwala ndine.

"Adokotala, kutupa kuja ndiye kuti mankhwala anagwira ntchito. Chifuwa chija sichinathe? Mapiritsi ndi za ana. Mwamuna amachira ndi singano."

 Ndachita mantha enieni. Sabata yonse ndikulimbana ndi makadi, osadziwa kuti mwini moyo akuilakalaka singano imene ingamuphe. Ndamuuza mosapsatira kuti adzafa. Waseka, akuti paja anthu a sukulu timaopa zambiri.

Ndamupatsa khadi lake la mtanda kuti azisunga yekha m'thumba ndi kulionetsa. Mawa ndimuyesa.

Loweruka

Wa ku Banket wabwera kudzaona malo. Munthu waukhondo, kolala yoyera, Chinyanja amamva pang'ono. Ndamuonetsa kabati ya mankhwala, botolo la kwinini, poto wophitsira singano. Ndamufotokozera za a Jemusi anayi, iye akungogwedeza mutu mwaulemu. Ndamusiya aone odwala awiri atatu, ine ndapita kukatunga madzi ku thanki.

Ndikubwerera, Jemusi wanga ali pa benchi, chithupsa pakhosi, kabudula watsitsa kale, nkhope yowala ngati ya mkwati. Singano ili m'manja mwa mlendo! Chidebe ndataya, ndalumpha, ndagwira dzanja. Mlendo akundilozera khadi lili pa tebulo, akulankhula chakwawo. "Asi kadhi rakachena wani, shamwari." Inde, khadi n'loyera, lopanda mtanda. N'la Wapakati. Asinthana m'mawa, Wapakati atatenga lake m'bokosi. Wapakati wamva kuti khadi la mtanda limapatsa munthu tsiku lopuma.

Mlendoyo alibe mlandu, wachita monga anaphunzitsidwira. Jemusi wakweza kabudula, watuluka akudandaula kuti ndili ndi kaduka. 

Lamulungu

Kutchalitchi Jemusi waimba besi, mokweza kuposa onse, chithupsa chili mu bandeji yanga. Sanandipatse moni.

Ndaganiza njira zina. Kumutenga ku Nyasalande? Alibe chitupa chake. Kubisa penisilini yense? Nanga ana a chibayo? Kuuza bwana? Amuthamangitsa, akafika pa purazi ina pomwe palibe womudziwa nkhope, ndipo akapempha singano tsiku loyamba.

Ndapita kwa dona kukanena kuti tchuthi ndidzatenga fodya akagulitsidwa. Wadabwa, koma wakondwa. Ndalembera amake Esinati kalata. Ndayamba katatu, chifukwa sindikudziwa momwe mwamuna angafotokozere mkazi wake kuti sabwera chifukwa cha munthu amene ngakhale dzina lake salidziwa.

Mawa sikisi koloko nditsegula dispensale. Ndikhala pampando wa pakhomo, pomwe nditha kuona nkhope ya aliyense wolowa.