Denga la Mayi Nanthambwe

Usiku wathawu ndinalota ndili ku ofesi kwathu, ku kampani ya inshulansi, ndiye pampando wa alendo pakhala mayi Nanthambwe, aja chimphepo chinawasasulira denga la golosale ku Lunzu. Mukudziwa anzanga kuti kalata yowakanira yatha sabata ili m'dirowa mwanga. Mayiwo analipira inshulansi ya moto wokha, osati ya mphepo.

Ndiye ndikuti ndiwawerengere pepala la mgwirizano, mwadzidzidzi timalemba ting'onoting'ono tam'munsi tija tasanduka nyerere, n'kuyamba kutsika ndi mwendo wa tebulo.

"Mwanangu, mawuwo akupita kuti?" anafunsa mayiwo.

Ndisanayankhe atulukira abwana anga, a Chipwanya, koma ali birimankhwe wovala tayi. Diso lina lili pa ine, lina pa mayiwo. "Auzeni kuti nkhani yawo tikuiunikabe," anatero. Kenako anasintha mtundu, nafanana ndi khoma, osaonekanso.

Mwadzidzidzi tili m'golosale muja, kumwamba kuli pululu, mvula ikuwaza pa matumba a shuga. Lata limodzi lopindika linali litakodwa mumtengo wa mango, ndiye linandiitana ndi dzina.

"A Ganizani, tsiku losainirana lija za moto munafotokoza mpaka tiyi kuzizira. Za mphepo munangolozapo ndi cholembera."

"Komatu zinalembedwa," ndinatero.

"M'Chingerezi," linayankha latalo.

Manyazi anandigwira. Ndiye mayi Nanthambwe anandiyandikira, madzi akutsika m'mpango wawo.

"Ine sindikupempha chifundo ayi. Mlamu wanga ali ndi malata akale, akufuna kundikhomera, koma tsiku lililonse ndikumuuza kuti adikire a inshulansi. Ingondiuzani, thandizolo libwera kapena ayi?"

Ndinatsegula pakamwa, ndiye m'malo mwa mawu mukutuluka zidindo zokhazokha, zikugwera m'matope. Ndinalavula, ndinalavulanso, mpaka lilime linapepuka.

"Silibwera, mayi. Ndinayenera kukuuzani kalekale."

Sanalire, sanandikalipirenso. Anangogwedeza mutu, navula chitenje chapamwamba n'kuchitambasula pamwamba pa shuga uja.

"Gwirani mbali iyo," anatero.

Ndinagwira. Chitenjecho chinayamba kukula, chinaphimba mashelefu, sikelo, mpaka msewu wonse, ife tili chigwirire, mikono ikuwawa. Mwadzidzidzi ndinamva phokoso la ndowa ikugunda simenti. Anali aneba, akutunga madzi pampopi kuseri kwa zenera langa, kunja kutayera kale.