Mapaipi Anayi Owala

Lolemba

Chafika! Anyamata awiri a njinga achibweretsa kuchokera kwa bambo wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa msika wa Kapata. Bamboyo sakudziwa kuti ndi chiyani. Inenso sindikudziwa, koma ine ndili ndi dipuloma ya zamakina.

Zomwe zilipo:
- mapaipi anayi owala, osagwira dzimbiri. Awiri aatali kuposa munthu, awiri aafupi
- timabokosi tinayi ta m'ngodya, tolemera, ta magiya m'kati
- chopukusira cha pamanja
- malamba awiri obiriwira, onunkha dothi

Ndasinthanitsa ndi jekete la suti lomwe ndinavala polandira dipuloma. Silinandipezere ntchito, lipite.

Pulani: makina osemera zitsulo. Makotapini, maekiselo, tizitsulo tonse tomwe njinga za mu Chipata zimadya tsiku ndi tsiku. Dziko lonse likuitanitsa kotapini kunja ngati mankhwala. Zimenezi zithe!

Alamu, amuna awo a asisi omwe akundisunga, ayang'ana kamodzi kokha. "Mlamu, nyumba ino si golosale ya zitsulo. Lamulungu likafika popanda chooneka, ukwere wa ku Kasenengwa ukathandize amayi kukumba nshawa."

Sindipita. Sindinaphunzire kuti ndizikakangana ndi chiswe.

Lachiwiri

Ndatumiza chithunzi ku gulu la anzanga a ku koleji pa foni. Mayankho:
- "Cha ku jinale ya thonje."
- "Chomangira mabelo a fodya."
- "Bedi la m'chipatala lopanda matiresi."
- "Mudala, gulitsa pa kilo."

Onsewa ali pa ulova ngati ine, koma kutsimikiza kwake!

Ndachilumikiza pabwalo. Chikupanga ngodya zinayi, pakati pali mpata. Ukapukusa, mapaipi aatali akuzungulira onse pamodzi, mwakachetechete, ngati achita kudzozedwa dzulo. Anachipanga ndi munthu wolemekeza ntchito.

Asisi ayanikapo matewera a mwana wawo Dalitso. Akuti aka n'koyamba dipuloma yanga kuthandiza pakhomo.

Lachitatu

Mota ya pampu yakale ya alamu. Lamba wa chigayo. Thabwa la chitseko cha bafa (ndibweza).

Magetsi kulibe m'mawa wonse. Ndikukhala pansi, ndikuyang'ana soketi.

Abwera masana. Ndayatsa. Mota ikulira, lamba akutuluka utsi, paipi ikuzungulira ngati nkhalamba ikutembenuka pamphasa. Ndawonjezera mphamvu. Ikuchedwerabe! Ukachikakamiza m'pamene chikuumira.

Chitsulo cha mtundu wanji chokana liwiro? Ngakhale zitsulo za m'dziko muno zaphunzira kuyenda ngati fayilo ya mu ofesi.

Mota yapsa. Fungo lafika mpaka kwa aneba. Ndaiphimba ndi thumba.

Lachinayi

Ndatsegula kabokosi kamodzi. M'kati muli tizitsulo tiwiri tolemera: paipi ikathamanga, timatambasuka n'kugwira khoma. Buleki yodzigwira yokha. Munthu anakhala pansi, ndi maphunziro ake, n'kupanga makina oti asafulumire. Bwanji?

Ndatichotsa. Ndadulanso paipi imodzi yaitali kuti ikwane pathebulo. Masowo awiri atha mano. Chala chamkombaphala chatupa.

Kotapini yoyamba, popukusa ndi manja pomwe Dalitso akulira: yatuluka yopindika ngati nyemba. Wanjinga wa pakona waitembenuza, wandibwezera. "Abwana, iyi mukaike m'ndiwo."

Alamu afunsa za pampu. Ndati ili pa sevisi.

Mawa maliro a abwana awo a alamu. Akuti tonse tipite, ndipo ndivale jekete.

Lachisanu

Ndavala juzi. Dzuwa likuswa mtengo.

Maliro a anthu olemera: matenti, mipando yovekedwa nsalu, kwaya ya amayi, kapeti wobiriwira mpaka pamphepete pa dzenje. Ndaima pakati pa asisi ndi alamu.

Abambo mfumu amaliza pemphero. Anyamata a kampani ya maliro achotsa nsalu pamwamba pa manda.

Mapaipi anayi owala. Timabokosi tinayi m'ngodya. Malamba awiri obiriwira, bokosi litagona pamwamba pake.

Mnyamata wina wagwira kachitsulo ndi chala chimodzi. Mapaipi ayamba kuzungulira, mwakachetechete, ndipo abwana akutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, osagwedezeka. Buleki ikugwira bwino kwambiri. Monga katswiri ndiyenera kuvomereza.

Sindinatembenuke. Ndangomva asisi akusiya nyimbo pakati pa mawu.

Kenaka, motsitsa, m'khutu mwanga: "Iwe. Matewera a mwana wanga."

Anthu akuti asisi analira kuposa mkazi wa malemu.

Loweruka

Sitinalowe m'nyumba dzulo tisanasambe m'manja pageti, monga mwa mwambo. Asisi akuti n'zopanda phindu: tikusamba za kumanda pomwe manda tawasiya pabwalo.

Zomwe zachitika lero:
- matewera onse atenthedwa
- amayi a mu mphakati wa ku tchalitchi abwera kudzawaza madzi odalitsa pabwalo, pathebulo, pa ine
- agogo a kuseri abweretsa mankhwala awo osambitsa Dalitso. Asisi alandira zonse ziwiri
- aneba aletsa ana awo kudzatunga madzi pampopi wathu
- alamu avundukula thumba

Ndafotokoza kuti chitsulo n'chitsulo, sichisunga mizimu. Alamu: "Khasu lokumbira manda unalionapo likulowa m'nyumba? Nanga iwe watibweretsera chigayo chake chonse!"

Ndabwerera kwa wogulitsa uja. Ndamupeza wavala jekete langa, likumukhala bwino. "Katundu wodula-dula sitilandira. Komanso mwati n'cha kuti?" Wandithamangitsa ndi tsache.

A njinga onse a pakona amva. Palibe wofuna kuchinyamula. Wina akuti njinga yake imanyamula amoyo.

Chagona kunja kwa mpanda. Ku Kapata, komwe ndowa yobooka siigona panja, palibe wachikhudza.

Lamulungu

Ku Kasenengwa. Alamu alipira galimoto ya kantala, ine kumbuyo ndi mapaipi anga atakulungidwa m'masaka. Anthu okwera m'njira ndawauza kuti ndi za mjigo.

Mbiri yafika kale. Amayi andichingamira pamsewu, osati ndi moni. "Chimenecho chisaponde pakhomo panga. Kachisiye kumsitu."

Kumsitu ndiko kumanda. Ndapezako adzukulu, okumba manda a m'mudzi muno, akulambula njira. Achizungulira, achigogoda, aseka mpaka kukhala pansi. Mkulu wawo akuti zingwe zawo zadyeka, ndipo mwezi watha anatsala pang'ono kugwetsa maliro a mkulu wa mpingo chamutu.

"Ubwezeretse mabuleki, ulumikize paipi unadulayo. Woliza chimenechi ukhala iweyo, ife sitinapite ku koleji. Pa maliro alionse mutu wa mbuzi timagawana."

Chimalizireni sukulu, awa ndi anthu oyamba kundiitana pa ntchito osafunsa zaka zomwe ndagwirapo.

Ndati ndiganiza. Akuti ndisachedwe, kwa a Mbewe kuli wodwala.

Mawa nshawa.