A Kachidutswa ndi Sitolo ya Magalasi

Sopo mmodzi wamtali, malemu a Kachidutswa ankamudula zidutswa makumi atatu ndi ziwiri. M'kagolosale kawo chilichonse chinkalawa mpeni. Kandulo ankamudula patatu, shuga ankagulitsa pa supuni. Wofuna mankhwala otsukira mano ankabwera ndi mswachi wake, iwo n'kumufinyira.

"Onjezeraniko pang'ono, bambo."

"Mano muli nawo angati?"

"Atsala asanu ndi anayi."

"Ndiye ndapyoza kale muyeso. Bwezani ena."

Chaka chimene kutsidya kwa msewu kunamangidwa sitolo yaikulu ya magalasi, anzawo onse a timagolosale anatseka. Iwo anavala jekete n'kupita kukaiona. Mlonda anawalanda mpeni pakhomo. Atalowa ananyamula paketi ya shuga n'kuitanitsa manijala.

"Ndipatseniko masupuni awiri."

"Kuno sititsegula, agogo. Tengani yonse."

"Nanga wofuna wa tiyi wa lero lokha mumatani naye?"

"Ameneyo si kasitomala wathu."

A Kachidutswa anamugwira paphewa mwachisoni. "Mwana wanga, yambiranitu kufuna ntchito ina. Chaka chino simuchimaliza."

Sitoloyo inachimaliza. Kenako inabala banki, sitolo ya nsapato, malo odyera, ngakhale masitepe oyenda okha. Inatsegula nthambi zisanu ndi ziwiri m'matauni ena. Koma a Kachidutswa, ali pampando wawo pakhonde, ankangoiloza ndi mpeni: "Ikufa iyo. Simukuona mmene ikutupira?"

Anatero zaka khumi ndi zinayi, mpaka mwezi watha pamene anatsogola ndi iwo. Pakhonde pano pali zii. Odutsa amachepetsabe liwiro ngati akudikira kunyozedwa, kenako amapitirira.

Kagolosale kanagwera mwana wawo wamkazi womaliza, amene anasiya geni yake ya zovala kumsika kuti adzakagwire. Ankatsegula eyiti koloko, nthawi imodzi ndi sitolo yaikulu, n'kumangoingitsa ntchentche. Lolemba munalowa anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo odzangopepesa maliro. Eni sitolo ya magalasi akufuna malowo kuti aziimikapo magalimoto, ndipo achimwene ake awiri avomera kukasaina Lachisanu.

"Iwe, pano pakwana magalimoto anayi," anatero achimwene aakulu. "Makasitomala akowo sangadzaze ngakhale imodzi."

"Ndipatseniko miyezi itatu yokha, achimwene. Ndagwira mwendo wanu."

"Mwendo wanga usiye. Lachisanu."

Lachitatu mtsikanayo analawirira sikisi koloko ndi makatoni kuti ayambe kulongedza. Asanatseke n'komwe chitseko, mayi wina wovala yunifolomu ya sitolo yaikulu anasuzumira.

"Achemwali, mwatipha ndi tiyi wopanda shuga. Bambo anu ankatsegula faifi."

"Inu? Si paja shuga mumakhala naye tsiku lonse?"

"Timangomudutsitsa pa makina. Paketi yonse ndingaithe ine? Thirani masupuni awiri, ndachedwa."

Pambuyo pake panabwera wokolopa, kenako alonda awiri, kenako wokankha matilole. Mtsikanayo anaima pakhomo n'kuyamba kuwerenga ovala yunifolomu amene ankadutsa. Pofika seveni anali makumi anayi ndi atatu, ndipo akuti ambiri anali atadutsa kale iye asanafike.

Makatoni aja anawakankhira pansi pa kauntala. Kwatsala tsiku limodzi. Mawa atsegula faifi koloko, ndipo akawadzutsa achimwene onse awiri kuti adzaime pakhomopo awerenge okha.