Ulendo Wokachemerera Yamikani

Lolemba
Zatheka! Loweruka amayi asanu a kutchalitchi kwathu ku Annandale, kuno ku Amereka, tikukachemerera mwana wanga Yamikani, yemwe ali m'timu ya mpira pa sukulu ya usilikali. Mpira wake wachimereka uja: kugwetsana, kudzuka, kunong'onezana, kugwetsananso. Zachibwana. Timuyo sinapambanepo chiyambire chaka. Koma Mai Tembo a ku Lusaka atitopetsa ndi mwana wawo dokotala wa ku Bethesda. Aonepo wanga.

Lachiwiri
Zitenje zafika, zofanana tonse monga timachitira pa ukwati. Zofiira, maluwa achikasu. Tikaoneka!

Lachitatu
Ndamutumizira Yamikani chithunzi. Waimba pompo: "Amama, zofiira amavala a timu inayo." Ndiye ine ndikanalota? Telala wadula kale.

Lachinayi
Ndamufunsa ntchito yake m'bwalomo. Akuti amagwada n'kugwirizira mpira pansi kuti mnzake aumenye. Basi! Mwana wa mapewa ngati chitseko, ntchito kugwada. Ndiye akuti nthawi zambiri amalowa timu ikagoletsa. Timu iti? Yomweyi?
Mutu ukuwawa. Sindiuza munthu.

Lachisanu
Otsika paulendo:
Mai Gondwe, shifiti kuchipatala.
Mai Nyirenda, bondo.
Mai Mwale: "Kuzizira, asisi."
Mai Tembo okha ndiwo sadwala. "Nizabwela ine, ningaphonye bwanji?" Ndimadziwa.

Loweruka
Mphepo yolasa m'mafupa. Mbali yathu yonse yadzaza ana a usilikali m'majasi akuda, ife awiri psuu pakati pawo. Wolondolera anthu watifunsa kawiri ngati sitinasochere.
Maola atatu! Athu kugoletsa ayi. Wosewera wina wa timu yofiira wathawa ndi mpira mpaka kumapeto, Mai Tembo nthungululu. Anthu onse cheu. Ndalakalaka pansi patatseguka.
Yamikani wangoima m'mbali mwa bwalo, chisoti m'manja, malaya opanda ndi kadothi komwe.
Mai Tembo: "Wanu ni uti?" Ndaloza. "Aah, aimilila bwino."

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Pomafika ine, Mai Tembo afotokozera kale aliyense, mpaka kuonetsa mmene Yamikani amaimira. Manyazi andigwira, sindikubisa.
Masana Yamikani waimba. "Ndinakuonani, amama. Timu yonse inakuonani." Kenako: "Chiyambire palibe anabwerapo kudzandionerera. Mubweranso?"
Ndamuuza zoona zake: masewera akewo ndi opusa, timu yake ndi yomvetsa chisoni, mphunzitsi wawo akafune ntchito ina.
Loweruka ndipita ndekha.