Jekete la €89 ndi Dzanja Langa Lamanzere

Lolemba, 10 Novembala

Lamulungu likudzali mayi a Tadala akukwanitsa zaka 41. Jekete lomwe amalisirira pawindo la shopu ku Henry Street ndi la €89. Ndili ndi €50. Yapelewera €39.

Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene timatsuka naye mbale kunyumba ya okalamba ku Santry, akuti kukasino ina m'tauni kuli tebulo la poka, juga ya makadi, la anthu ngati ife. Kubetcha €1 kapena €2 basi. "Osayopa mudala. Ngati makadi ni yoipa, unama chabe."

Dongosolo:
1. Kusewera 6 koloko mpaka 8 koloko madzulo.
2. Ikakwana €89, kudzuka.
3. Kunyumba kunena kuti ndi ovataimu.



Lachiwiri, 11 Novembala

Mukufunda bwino mukasino muno! Kapeti yofewa, tiyi waulere, masangweji aulere. Ndadya atatu.

Patebulo tilipo 7. Ndasunga maina awiri: a Declan, oyendetsa takisi, odandaula za mvula, ndi mayi Bernie, a zaka 78, ogawa maswiti a m'chikwama. Mayiwo akundiitana kuti "love".

Makadi abwino kawiri. Ndikupereka machipi, tindalama tapulasitiki timeneti, ndi manja awiri monga munthu woleredwa. Ndawina €7. Ndili ndi €57.

Kunyumba ndikunena za ovataimu ndikupereka tiyi. Mayi a Tadala akuyang'ana kapu nthawi yaitali.

Lachitatu, 12 Novembala

Lero ndikuyesa kunama. M'manja muli 7 ndi 2, zopanda ntchito. Ndikukankha €18 ngati mwini golosale. Onse akutaya makadi kupatula mayi Bernie. Sakuyang'ana n'komwe nkhope yanga. "Tiwaone, love."

€39. Ndaluza. Yapelewera €50. Ndiye kuti ndabwerera kuseri kwa Lolemba.

Andipatsa switi. Ya minti.

Lachinayi, 13 Novembala

M'mawa mphindi 20 pagalasi la kubafa, kuumitsa nkhope. Ndikuoneka ngati ndili pamaliro a munthu wosamudziwa.

Madzulo maesi awiri, makadi oposa onse! Nkhope gwa. Ndikupereka machipi mwaulemu. Tebulo lonse likutaya makadi nthawi imodzi, ngakhale a Declan amene sataya. Phindu: €3.

€42. Adziwa bwanji?

Masangweji lero ndi a nkhuku. Anayi.

Lachisanu, 14 Novembala

Sindikusewera, ndikungoonerera ndi tiyi. Mayi Bernie akundikodola.

Akuti ndikakhala ndi makadi abwino ndimapereka machipi ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, mutu utawerama pang'ono. Ndikamanama ndimaponya ndi dzanja limodzi, maso kumbali. "Tonse tinaona Lachiwiri, love. Ndakuuza chifukwa umandikokera mpando."

Zaka 46 ndikupereka zinthu kwa akulu chonchi. Sindinadziwe kuti pali amene akuwerenga.

Dongosolo latsopano: kunama ndi manja awiri.

Loweruka, 15 Novembala

Mulenga wabwera kudzandilimbitsa mtima. Wataya €20 yake pa mphindi 15, wapita kukadikira basi.

7:25. Ndili ndi 9 ndi 4. Tatsala awiri, ine ndi mayi Bernie. Ndikuwerenga €30. Dzanja lamanja likupita. Lamanzere likunyamuka, likufika pamimba, laima. Kunamiza munthu wa zaka 78, n'kumugwadiranso? Lakana ndithu! Labwerera lokha pabondo.

"Ayi, love," akutero mayiwo mwachisoni, akukoka machipi onse.

€12. A Declan akundigwira paphewa. Akuti ndisasiye kubwera, tebulo limandikonda. Ndikukhulupirira.

Lamulungu, 16 Novembala

Tikuchokera kutchalitchi. Sikafu ya ku Moore Street, €10, yobiriwira. Yatsala €2.

Ndikupereka ndi manja awiri. Mayi a Tadala akuivala pomwepo, akuti ndi yofunda. Kenako: "Bambo a Tadala, ovataimu ija yatha? Chiyambire Lachiwiri tiyi mwakhala mukundipatsa ndi dzanja limodzi."

Ndaulula zonse, ndi masamu omwe. Aseka mpaka kukhala pansi. Tadala akufunsa m'Chingerezi chomwe chachitika.

Zotsatira za sabata:
Zotayika: €38.
Masangweji: 14.
Maswiti: 5.
Anthu amene ndawanamiza: 0.

Jekete likadali pawindo. Mayi a Tadala akuti Januwale limatsika mtengo, ndipo €2 ija ndiwapatse asunge. Ndawapatsa. Manja awiri.