Mlandu wa a Nachesi

Nyengo ya manachesi ikafika, ine pamsika ndimadutsa nditayang'ana kumbali ngati mkamwini wokumana ndi apongozi panjira. Munthu wa ku Mwanza kuopa nachesi n'zochititsa manyazi, ndikudziwa. Koma mukamva zimene chipatsochi chinandionetsa pamaso pa ankhoswe ku Thambani, mwina mundimvera chisoni. (Mkazi wanga sanandimvere, ndiye inunso musadzikakamize.)

Ine ntchito yanga ndi yokonzera anthu mapepala a katundu pa boda. Ntchito yake theka ndi kuthamanga, theka ndi kudikira netiweki. Sisitimu ikagwa malole amangondandalika mumsewu, ife n'kukhala mu kontena yathu kumayasamulirana. M'kudikira momwemo ndi m'mene Domingo, mnzathu wa pantchito amene makolo ake anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, anatulutsa kathumba ka madayisi. Sanali madayisi a njuga omwe timawadziwa aja. Ena anali ndi mbali zambirimbiri, osadziwika kuti kumwamba n'kuti.

"Awa ndi masewero a nthano," anatero Domingo. "Ine ndimafotokoza dziko, aliyense wa inu amakhala munthu wa m'dzikomo. Ukafuna kuchita chinthu umaponya dayisi, nambala ndiyo imanena ngati zatheka."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Azibambo a ndevu zawo, ena ana ali kusekondale, kukhala mozungulira tebulo kumapha chinjoka cholavula moto ndi pakamwa pokha. Ndinawauza kuti ine masanje ndinasiya mano asanaguluke. Kuyambira pamenepo ndinkakhala pakona n'kumawanyoza. Vuto langa n'lakuti ndikaona munthu akuchita chinthu mopusa, ngakhale chinthucho chikhale chopusa kale, pakamwa pamandiyabwa. Ndinayamba kuwauza khomo loti alowere ndi mdani woti ayambe kumenya.

"Akulu, mpira wa pakamwa mumautha," anatero Domingo tsiku lina. "Talowani m'bwalo tikuoneni."

Ndinakoka mpando, ati kuti ndiwaonetse kuti zinthuzi n'zosavuta.

"Choyamba musankhe komwe munthu wanu anachokera. Anali msilikali? Wakuba? Mwana wa mfumu? Wamatsenga?"

Malo a wakuba anali atawatenga kale Yamikani, mnzathu winanso wa mu kontenamo. (Kwa iye sikunali kusankha, anangodzifotokoza.) Usilikali ndinaukana, ine kuthamanga ndi katundu kumsana ayi. Za matsenga ndiye ndinachita kumuyang'ana Domingo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ine woyimba besi m'kwaya, ndikhale mfiti?"

"Chabwino, palinso wokulira m'kachisi. Mtumiki wa mulungu, wochiritsa anzake akavulala."

"Ameneyo. Pagulu la mbava pamafunika munthu mmodzi woyera."

Ndinadziona wochenjera. Ndinaganiza kuti pa anthu onsewo ndasankha yekhayo amene sangandichititse manyazi ngakhale abusa atatulukira pakhomo.

"Nanga mulungu wanu ndani?"

"Funso lanji limenelo? Mulungu ndi mmodzi."

"Ayi akulu, Mulungu weniweni sitimulowetsa m'masewero, kumeneko n'kulakwa. Musankhe wa m'bukumu, kapena mupeke wanu."

Anandiwerengera mayina a milungu ya m'buku lakelo. Onse ankamveka ngati mankhwala a malungo. Ndinawakana mwachipongwe, ndipo maso anga anagwera pa mulu wa manachesi amene dalaivala wina anatisiyira patebulo.

"Wanga ndi a Nachesi."

Onse anafa nacho chiseko, kupatula Domingo. Munthu ameneyu masewero ake amawatenga ngati msonkhano wa maliro.

"Ndi mulungu wamkazi?"

"Dzinalo silikukuuza? A Nabanda, a Naphiri, a Nachesi."

"Amalamulira chiyani?"

"Zipatso, mvula yoyamba, ndi anthu ouma mtima."

"Zili bwino. Kuyambira lero ndinu mtumiki wa a Nachesi."

Ndisakunamizeni, zinandikomera. Ine amene ndinkanyoza uja ndinayamba kukhumudwa netiweki ikabwera msanga. Yamikani akalasidwa ndi mkondo ankachita kundichonderera kuti, "Abusa, ndipempherereni," ine n'kumamuuza kuti ayambe walapa. Posakhalitsa tinayamba kukumana ndi Loweruka lomwe. Kunyumba ndinkanena kuti malole achuluka. Nanga ndikanati chiyani kwa mkazi wanga, mayi a Tadala? Kuti ndikupita kukachiritsa wakuba wongopeka m'phanga longopeka? Ndinasankha bodza chifukwa linkamveka laulemu kuposa zoona.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, ine ndi mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala, tinakumana ndi Yamikani pamsika. Anawapatsa moni mayi a Tadala mwaulemu ndithu, kenako n'kunditembenukira.

"Akulu, dzulo a Nachesi anakukondani bwanji. Ife ena kumangoonerera."

(Ankanena za dayisi, kuti inandigwera bwino kangapo konse.) Ndinamutsinzinira diso kuti atseke pakamwa. Kutsinzinako mkazi wanga anakuona.

"A Nachesi ndi ndani?" anafunsa titapitirira.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinati, "Kasitomala wa kuntchito."

"Wa malole?"

"Wa zipatso."

Sanafunsenso, ndipo ine mopusa ndinayesa kuti nkhani yatha.

Sabata imeneyo Domingo anatiuza kuti gulu lathu likafika pakachisi wamkulu, ndipo mtumiki ayenera kukalumbira pamaso pa mulungu wake. Akalumbira mogwira mtima, mphamvu zake zochiritsa ziwonjezeka. Ndinali nditaonapo m'mene anzangawo amayankhulira m'masewero, ngati ana owerenga ndakatulo ya kusukulu. Ndinati ayi, awa ndiwaphunzitsa kuti mawu amatuluka bwanji. Ndinapeka lumbiro langa, ndipo Loweruka m'mawa ndinalowa nalo kubafa kuti ndiliyeserere. Bafa yathu ndi ya mpanda wa udzu, yopanda denga, ndipo mawu a besi sadziwa kunong'ona.

"A Nachesi," ndinayamba, sopo ali kumutu, "ine ndinali wouma ngati munda wa mu Okutobala, inu munandigwetsera mvula. Kwathu ndasiya, abale ndasiya. Pogona ndi inu, podzuka ndi inu. Fungo lanu silichoka m'manja mwanga. Ena onse ndi owawasa, wotsekemera ndinu nokha."

Ndinabwereza, ulendo uno mawu akunjenjemera pang'ono pothera. Ndinadzigomera ndekha. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kuseri kwa mpandawo kunkamveka munthu akukwecha mapoto, ndipo sindinazindikire kuti kukwechako kwasiya liti.

Potuluka ndinapeza mayi a Tadala akumanga zovala m'chitenje.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu. Wowawasa akupatseni mpata."

Ndinayesa kufotokoza, koma munthu wovala thaulo lokha amene akunena kuti "ndi mulungu wa m'masewero" samveka ngati mboni. Anamugwira dzanja Tadala n'kukakwera pikapu ya ku Thambani. Nyumba inakula tsiku limenelo. Ndinachita mantha enieni, chifukwa mkazi wanga si munthu woopseza. Akanyamuka ndiye kuti wanyamuka.

Ndinapita kwa Kanduku kukatenga amalume, nkhoswe yanga. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pa madayisi mpaka kubafa. Anamvetsera akusenda chinangwa, kenako anaika mpeni pansi.

"Mphwanga, ingovomera chibwenzi."

"Amalume, kulibe mkazi aliyense."

"Ndamva. Koma chibwenzi ndi mlandu woti timaudziwa kakambidwe kake. Timapepesa, timakukalipira, mkazi amabwerera. Izi ukunenazi, zoti umapembedza nachesi ndi timiyala toponya, ine ndikayambira pati? Akatifunsa ngati kwathu kuli misala, ndikayankha chiyani?"

Ndinakana. Kuvomera mkazi amene kulibe kunali kumubaya mayi a Tadala ndi mpeni weniweni chifukwa cha mlandu wabodza. Ndinamupempha Domingo kuti atiperekeze ngati mboni.

Ku Thambani tinakhala pakhonde la alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amenenso ndi nkhoswe yake. Mkazi wanga anakhala pamkeka cha pambali, osandiyang'ana. Domingo anafotokoza bwino ndithu, mpaka pamene anakhuthula madayisi ake pansi kuti aonetse. Alamu anakokera mpando wawo kumbuyo.

"Bambo, maula anuwo bwezerani m'thumba. Pakhomo pano timapemphera."

"Si maula, akulu. Onani, iyi ikagwera pa nambala yaikulu ndiye kuti a Nachesi ayankha pemphero."

Amalume anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Ndiye alamu," anatero alamu anga pang'onopang'ono, "tikuweruzeni ngati wachigololo kapena ngati wopembedza mafano? Sankhani nokha, poti kusankha mumakutha."

Ndisanayankhe, mayi a Tadala anayankhula koyamba.

"Achimwene, anene pano zimene ankanena kubafa. Zonse."

Ndinayang'ana amalume. Chipewa sichinasunthe. Ndinayamba kulakatula mothamanga, mawu ali pansi, ngati wowerenga nambala ya lole.

"Ayi," anandidula. "Mmene munkanenera muja."

Ndinaimirira. Bambo wa mwana, woyimba besi, pakhonde la eni ake dzuwa lili pamutu, anthu opita kuchigayo ataima pamsewu, ndinalumbira kwa chipatso ndi mtima wanga wonse. Pa "fungo lanu silichoka m'manja mwanga" alamu anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Pa "wotsekemera ndinu nokha" mayi wina pamsewu paja anati amen.

Mkazi wanga sanaseke.

"Ndakhulupirira," anatero. "Kulibe mkazi. Bodza lopusa chonchi munthu sangalipeke."

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kukhala pampando.

"Koma achimwene, mlandu wanga sunali umenewo wokha. Bambo awa chikwatirane sanandiuzepo mawu ngati amenewo. Pondifunsira anati, 'Ndaona kuti tikhoza kumakhala.' Nditabereka Tadala anati, 'Mwachita bwino.' Ine ndinkadzitonthoza kuti ndi chibadwa, munthuyu mawu alibe. Kani mawu ali nawo, odzaza nkhokwe. Amangosungira nachesi."

Pamenepo ndi pamene manyazi enieni anandigwira, oposa a pamsewu paja, chifukwa panalibe choti nditsutse. Amalume anachotsa chipewa kunkhope n'kundinong'oneza kuti, "Ndinakuuza. Chibwenzi tikanatha kale."

Mkazi wanga anabwerera kunyumba patapita masiku, atandisiya kaye ndidziphikire mpaka ndionde. Tsiku limene anafika ndinadikira Tadala apite kukasewera, ndinakhala moyang'anana naye, n'kukonza kukhosi.

"Mayi a Tadala, ine ndinali wouma ngati munda wa mu Okutobala…"

"Imani pomwepo. Nachesi munadyetsa ena, ine mukundipatsa makoko? Pezani mawu anga anga. Sindikuthamangira kulikonse, ndidikira."

Akudikirabe. Lumbiro la mulungu wongopeka ndinalipeka tsiku limodzi ndikudikira netiweki, koma la munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi landikanika mpaka lero. Ndikamuyang'ana mawu onse amathawa. Dzulo ndinalimba mtima, ndinamugwira dzanja, ndinapuma mozama, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndiwo za lero zakoma."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayambako," anatero. "Koma ndiwozo anaphika ndi Tadala."